CHIMWEMWE CHA MWAMUNA MKRISTU

 Phunziro la mwezi uno ndi lanu. Musanaliyambe, mutsegule Buku Lopatulika ndi kuwerenga Salmo 51, ndi ndime zitatu zotsiriza za Habakuku, ndi Machitidwe 16 kuyambira ndime 19. Mukakhala ambiri, mmodzi awerenge mokweza, ena amvetsere.

Chiripo chinthu chodabwitsa m'mipingo yathu. Tsiku la Sabata akazi ayimba ndi mau ao onse, ana ayimba kufikira mitsempha ya m'khosi ioneka, koma ku mbali ya amuna kuli zii. Mwamuna akhala tsonga, nkhope yache gwa, monga munthu wolindira mlandu pabwalo. Ambiri ayesa kuti nkhope youma ndiyo ulemu wa mwamuna, ndi kuti kukondwera m'Chikristu nkwa akazi ndi ana. Phunziro ili likana maganizo amenewo. Chimwemwe ndi gawo la mwamuna Mkristu, ndipo muzu wache ndi umodzi, ndiwo kudziwa kuti Mulungu wamkhululukira. Tsono chimwemwe chotere sichitoledwa panjira iai. Chilimidwa monga munda.

I. CHIMWEMWE CHIMENE CHITHA

Tiyambe ndi makolo. Angoni anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 pamodzi ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka, m'masiku a mwana wache M'mbelwa, anakhazikika m'dziko lino la Mzimba. Masiku amenewo mwamuna anadziwa tsiku la chikondwerero chache. Linali tsiku lobwera kunkhondo, ng'ombe zolanda ziri patsogolo, pfumbi liri kobo, akazi alikululutira, ndipo wankhondo alikulumpha ndi chishango chache pamaso pa Inkosi ndi kuchula zimene anachita. Sitiwaseka makolo athu; anali amuna olimba mtima. Koma chikondwerero chao chinali ndi zirema ziwiri. Choyamba, chinafuna nkhondo yina chaka chamawa kuti chikhalepobe. Chachiwiri, pamene mudzi uno unabvina, mudzi wina unali kulira maliro.

M'chaka cha 1904 mafumu a Angoni anakomana ndi Sir Alfred Sharpe ku Ekwendeni, ndipo dziko linalowa m'ulamuliro wa Boma la Angerezi. Nkhondo zinaleka, zishango zinapachikidwa kutsindwi, msonkho unafika. Pamenepo amuna anatsata njira yina ya ulemu, ndiyo ya kumwera, ku migodi ndi minda ya ku Rhodesia ndi ku Johannesburg. Wobwera ndi njinga, mabulangeti ndi bokosi la zobvala analandiridwa monga wankhondo wakale. Kufikira lero anyamata a Mzimba apita ku South Africa, ndipo ena abwera ndi galimoto namanga nyumba za malata. Kusaka chuma cha ana ako ndi thukuta lako si tchimo, ndipo mwamuna wotere tiyenera kumlemekeza. Koma akuru anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo obwera ndi katundu wambiri ndi mtima wopanda kanthu. Aliponso machona, amene sanabwerenso konse. Ena a iwo sanaiwale kwao iai, koma anachita manyazi kufika m'mudzi manja ali lende. Munthu amene chimwemwe chache chonse chiri m'bokosi, bokosi likasowa alibenso nkhope yoonetsa kwa abale ache.

Ndipo amene alephera njira zonse apita kumowa. Mowa ubwereketsa chimwemwe madzulo, nudzalonjerera ngongole yache mmawa, ndipo wolipira kawirikawiri ndiye mkazi ndi ana.

II. MUNTHU WOCHEDWA CHISEKESEKE

Koma m'dziko lomwe lino Mulungu anaonetsa chimwemwe cha mtundu wina. Donald Fraser, mbusa wa ku Scotland, anafika m'Misyoni ya Livingstonia m'chaka cha 1896. Anayamba nchito ku Ekwendeni, nasamukira ku Hora, ndipo m'chaka cha 1902 anamanga ku Embangweni, pafupi ndi mudzi wa Inkosi Mzukuzuku, pamalo pamene panachedwa Loudon. Angoni sachedwa kupatsa mlendo dzina lolingana ndi makhalidwe ache, ndipo sanyengerera pakupatsa dzinalo. Munthu uyu anamucha Chisekeseke, chifukwa anali womwetulira ndi woseka ndi anthu onse. Taganizani abale: anthu a nkhondo, amene anayesa mwamuna ndi mphamvu ya dzanja lache, anamlemekeza munthu uyu, ndipo chimene anachiona mwa iye choposa zina ndicho kukondwa kwache.

Masiku amenewo atumiki ena a Mulungu anayesa kuti magule onse a anthu akuda ndi a mdima. Fraser sanatero. Anakana magule onyansa, koma ingoma sanailetse. Kuyambira 1898 anaitana misonkhano yaikuru ya Mgonero wa Ambuye, ya masiku angapo, kumene anthu zikwi anafika kuchokera kutali, nagona m'misasa, namva Mau ndi kuyimba. Analimbikitsanso Akristu kuti apeke nyimbo zao m'mayimbidwe a kwao, ndipo panali mpikisano wa nyimbo zatsopano. Motero kunatuluka opeka nyimbo monga Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula. Mayimbidwe ena amene kale anaperekeza ankhondo anasanduka nyimbo zotamanda Kristu, ndipo zambiri za nyimbo za anthu amenewa ziri m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo ziyimbidwabe m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia.

Penyani maina amenewo: onse ndi amuna. Sanayese kuti kuyimbira Mulungu kuchepsa ndebvu zao. Kristu sanawalande mau ao, sanawalande mphamvu ya chifuwa chao. Anawapatsa Mfumu yoyenera kuiyimbira. Nanga ife adzukulu ao tinalandira kuti mwambo wakukhala duu m'nyumba ya Mulungu?

III. MUZU WA CHIMWEMWE

Wina adzati, "Anthu amenewo anakondwa chifukwa anali olungama, ine ndiri ndi zanga zimene ndizidziwa ndekha." Mbale, imvani mbiri ya mmodzi wa iwo.

Jonathan Chirwa anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1914, pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya. Atatu amenewa ndiwo abusa oyamba achikuda a Livingstonia. Pambuyo pache anatumidwa kutali ndi kwao, ku Mwenzo, m'dziko limene lero lichedwa Zambia. Kumeneko anagwa m'tchimo la chigololo. M'chaka cha 1918 anabvomereza tchimo lache, ndipo anachoka pa ubusa. Taganizani kulemera kwa chinthu ichi. Munthu amene maso a dziko lonse anali pa iye, amene nyimbo zache zinali m'kamwa mwa anthu, tsopano akhala pansi pakati pa iwo amene anawaphunzitsa. Zaka zinapita chimodzi chimodzi kufikira zisanu ndi chimodzi. Ena mwa atsogoleri a mpingo anati munthu wotere sayenera kubwezedwa msanga pa nchito yopatulika. Koma Fraser ndi Akristu a ku Ungoni, poona kulapa kwache, anampempherera kolimba, ndipo m'chaka cha 1924 anabwezedwa pa ubusa. Anatumikira ku Loudon, wokondedwa ndi anthu, kufikira imfa yache m'chaka cha 1936.

Sitilemba mbiri iyi kuti tichepse tchimo. Tchimo lija linapweteka anthu, ndipo linadya zaka za munthu wa Mulungu. Tiilemba kuti muone njira imene munthu wakugwa abwerera nayo. Ndi njira yomweyo ya Davide. Mfumu ija inatenga mkazi wa Uriya, niphetsa mwamuna wache, nibisa mlandu kufikira mneneri Natani anaulasa. Tsono werenganinso Salmo 51, muone chimene Davide apempha. Sapempha kuti ufumu wache ukhazikike, kapena kuti anthu aiwale. Apempha kutsukidwa, apempha mtima watsopano, ndipo apempha kuti chimwemwe chimene chinamthawa chibwerere. Davide anadziwa chimene amuna ambiri sachidziwa, kuti tchimo lobisika liyamba kudya chimwemwe lisanadye china chiri chonse. Ndipo mu Salmo 32 atiuza kuti masiku onse amene anasunga mlandu wache m'mimba, thupi lomwe linafota.

Nchifukwa chache tinena kuti nkhope zouma zambiri za m'mipingo yathu si za ulemu iai. Zina ndi za ngongole yosabwezedwa, zina za mkazi wachiwiri wobisika ku Joni, zina za malire a munda osunthidwa usiku, zina za udani wa pachibale wa zaka khumi. Munthu wosenza mtolo wotere sangathe kuyimba. Chiswe chidya mzati m'kati, kunja kuli bwinobwino, kufikira tsiku la mphepo. Koma munthu amene watula zonse pamaso pa Mulungu, namva kuti mwazi wa Kristu wamkwanira, alibenso choopa kuti chidzaululika. Agona tulo. Ayang'ana mkazi wache m'maso. Pamenepo ndipo chimwemwe chiphuka, pakuti sichichokera m'kulungama kwathu, koma m'chifundo cha Iye amene atilandira.

Fraser anachoka m'dziko lino m'chaka cha 1925, namwalira ku Scotland m'chaka cha 1933. M'chaka cha 1935 mkazi wache, Dr Agnes Fraser, anabwera nalo phulusa la thupi lache ku Loudon, ndipo linaikidwa m'khola la ng'ombe, monga Angoni aika akuru ao. Chaka chotsatira Jonathan Chirwa anaikidwa pambali pache. Mlendo wochedwa Chisekeseke ndi mbusa amene anagwa nadzuka agona pamodzi m'malo a ulemu. Manda awiri amenewo alalikira kuti Mulungu sataya munthu wolapa.

IV. KHOLA LOPANDA NG'OMBE

Wina adzatinso, "Ine ndalapa, koma mabvuto andizinga. Ndikondwere bwanji, mvula yakana, ng'ombe zafa, mwana ali m'chipatala?"

Mneneri Habakuku anali munthu wodziwa za kumudzi. Pakutsiriza buku lache awerenga zoopsa zonse za mlimi: mitengo yosabala, minda yopanda dzinthu, nkhosa zotha, khola lopululuka. Inu a ku Mzimba mudziwa kuti khola ndilo mtima wa mudzi. M'menemo muli malobolo a ana anu amuna, muli cholipira mlandu, muli ulemu wa dzina la atate anu. Khola likatha, mwamuna ayenda chozolika. Ndipo mneneri, ataziwerenga zonse, atsimikiza kuti adzakondwerabe, chifukwa Mulungu amene ampulumutsa sanafe pamodzi ndi ng'ombe.

Onaninso Paulo ndi Sila m'mudzi wa Filipi. Anawabvula zobvala pabwalo, anawakwapula ndi ndodo, nawaponya m'chipinda cha m'katikati mwa ndende, mapazi ali m'zigologolo. Pakati pa usiku amuna awiri amenewa, misana iri mabala okhaokha, anali kupemphera ndi kuyimba, andende anzao alikumvetsera. Ndipo usiku womwewo mdindo wa ndende, amene anafuna kudzipha ndi lupanga lache, anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba yache, nawakonzera chakudya mokondwera. Patapita zaka Paulo analembera Akristu a ku Filipi kalata ali m'ndende yina, ndipo m'makalata ache onse palibe yonena za chimwemwe kawirikawiri monga imeneyo.

Tsono musayese kuti chimwemwe cha Mkristu ndi kuseka masiku onse, kapena kudzinyenga kuti zowawa siziwawa. Mwambo wathu uti mwamuna salira. Koma Ambuye wathu, amene palibe mwamuna wina wolimba mtima monga Iye, anagwetsa misozi pamanda a bwenzi lache Lazaro, anthu alikupenya. Chimwemwe chimene tinena chikhala pansi pa misozi, monga madzi akhala pansi pa mchenga wa mtsinje m'mwezi wa October. Mlendo aona mtsinje wouma napitirira ndi ludzu lache. Mwini dziko afukula ndi manja namwa.

V. MALIMIDWE ACHE

M'kalata ya kwa Agalatiya, mutu 5, chimwemwe chiwerengedwa pakati pa zipatso za Mzimu, chachiwiri chitapita chikondi. Chipatso sitichipanga ndi manja. Achipatsa ndi Mulungu. Koma palibe mlimi akhala pakhonde nanena kuti mvula ndi ya Mulungu, chotero sindigwira khasu. Nazi nchito zisanu za m'munda umenewu.

Yoyamba, kusosa. Ngati chiripo chinthu chobisika, chiululeni kwa Mulungu lero, ndipo ngati chinapweteka munthu, pitani kwa munthuyo. Bwezani ngongole, ngakhale pang'ono pang'ono. Bwezerani malire pamalo pache. Mukaopa kupita nokha, tengani mkuru wa mpingo wosunga chinsinsi. Manyazi a tsiku limodzi apepuka koposa mtolo wa zaka makumi awiri.

Yachiwiri, kubzala. Mmawa, musanatsegule khola kapena kutenga khasu, werengani ndime zowerengeka za Mau a Mulungu, ndipo chulani ndi pakamwa zinthu zitatu zimene Mulungu wakuchitirani. Muzichule maina: mwana amene wachira, mbuzi imene yaswa, mnansi amene anakubwerekani ngolo. Mwamuna adziwa kuwerenga ng'ombe zache madzulo onse, nazindikira msanga ikasowa imodzi. Koma zokoma za Mulungu ambiri sanaziwerengepo ndi kale lonse, chifukwa chache ayesa kuti alibe.

Yachitatu, kuyimba. Musalindire kuti mtima uyambe wakondwa ndipo muyimbe pambuyo. Paulo ndi Sila sanalindire kuti mabala apole. Kawirikawiri pakamwa patsogola, mtima nutsata. Yimbani m'nyumba ya Mulungu ndi mau a chifuwa, monga muyimba pa ingoma. Yimbani ndi ana anu madzulo. Mwana wamwamuna amene sanamvepo atate wache alikuyimbira Mulungu adzayesa kuti Chikristu ndi cha amai ache okha, ndipo akadzamera ndebvu adzachisiya.

Yachinai, kulima pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Akazi a mpingo asonkhana, nauzana zowawa zao, napemphererana. Amuna tikomana kokha pa mlandu, pa maliro ndi pa mowa. Mwamuna ali yense akhale ndi mnzache mmodzi kapena awiri amene angathe kuwauza zoona, ndi kupemphera nao. Inu amene muli kutali kunchito, funani mpingo kumene muliko m'Sabata loyamba lomwe, ndipo musaleke kulankhula ndi a kwanu pa lamya, ngakhale mwezi umene mulibe ndalama yotumiza. Ndipo inu otsala kumudzi, mbale akabwera chimanjamanja, mlandireni ndi nkhuku yomweyo imene mukadamphera akadabwera ndi galimoto.

Yachisanu, kugawa zokolola. Chimwemwe chimene mwamuna achionetsa kubwalo kokha, nafika kunyumba ndi ukali, nchonyenga. Alipo amuna amene akalowa pakhomo ana aleka kuseka, nabalalika monga anapiye poona kabawi. Mbale, yesani chimwemwe chanu ndi muyeso uwu: kodi a m'nyumba mwanu akondwa pakumva mapazi anu? Yamikani mkazi wanu chifukwa cha nsima imene waphika. Khalani pamphasa ndi ana. Yenderani nkhalamba ndi odwala. Moto ukapatsidwa kwa mnansi suchepa kwa mwini.

Musataye mtima zipatso zikachedwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munda umene unagonera zaka zambiri subala bwino chaka choyamba.

VI. MAU KWA IWO AMENE SANAGWE

Chatsala chenjezo limodzi, ndipo ndi la ife akuru a mpingo, aphunzitsi ndi onse a mbiri yabwino. Pa Luka 15 Ambuye asimba za atate wa ana amuna awiri. Wamng'ono anaononga chuma kudziko lakutali, nabwera wausiwa, ndipo atate wache anamphera mwana wa ng'ombe wonenepa. Pakutha pa fanizo lija m'nyumba muli kuyimba ndi kubvina, ndipo munthu mmodzi yekha ali kunja, nkhope iri gwa. Si wochimwa uja iai. Ndi mkuru wache, amene sanachoke pamudzi, amene anagwira nchito zaka zonse. Iye anatumikira atate wache monga wanchito wowerenga malipiro, chotero kukhululukidwa kwa mphwache kunamuwawa.

Akristu a ku Ungoni akadakhala ndi mtima wa mkuru ameneyo, Jonathan Chirwa sakadabwerera, ndipo mpingo wa Loudon ukadataya zaka khumi ndi ziwiri za utumiki wache. Munthu amene sakondwera pakuona mnzache alikubwezedwa aonetsa kuti sanadziwebe kuti iye yemwe akhala ndi moyo mwa chifundo. Atate alikuima pakhomo kudandaulira ana onse awiri kuti alowe.

MAFUNSO A M'KALASI

1. Chikondwerero cha wankhondo ndi cha munthu wobwera ndi katundu zifanana potani, ndipo zitha bwanji?
2. Mu Salmo 51 Davide apempha zinthu zotani? Nchifukwa ninji chimwemwe chiri pakati pa zimenezo?
3. Tiphunzira chiani pa kugwa ndi kubwezedwa kwa Jonathan Chirwa, ife ochimwa ndi ife oweruza?
4. Kodi munthu angathe kulira ndi kukhalabe nacho chimwemwe cha Mkristu? Perekani chitsanzo cha m'Buku Lopatulika.
5. Mwa nchito zisanu zija, ndi iti imene mudzaiyamba Sabata lino? Yankho la funso ili musalinene m'kalasi; mulinene kwa Mulungu ndi kwa mnzanu mmodzi.

PEMPHERO

Atate wathu wachifundo, Inu mudziwa zimene tabisa kwa akazi athu, kwa abale athu ndi kwa mpingo. Tipatseni kulimba mtima kwakuzitula pamaso panu. Mutikhululukire chifukwa cha Yesu Kristu, ndipo mumasule malilime athu kuti tikuyimbireni. Kumbukirani abale athu ali kutali kunchito, ndi iwo amene makola ao apululuka, ndi iwo amene achita manyazi kubwera kwao. Mutipange amuna amene ana athu adzakondwa pakumva mapazi athu pakhomo. M'dzina la Yesu Ambuye wathu. Amen.